Mpendero wa Achemwali

Kiyi wa chimbudzi cha kufakitale anamumangirira ku chithabwa. Osati kathabwa, chithabwa, chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, chopaka penti yofiira. Amati n'cholinga choti kiyi asasowe. Bodza. Anachita dala, kuti mzimayi akafuna kukataya madzi anyamule chithabwacho pa tebulo la kapitawo, adutse nacho mizere yonse ya makina, aliyense amuone, kapitawo ayang'ane pawotchi, amuna odula nsalu aimbe mluzu. Ukapita kawiri nthawi yopuma isanakwane, kapitawo amakufunsa pagulu ngati unabwera kudzasoka kapena kudzathirira maluwa. Ukaonjeza, tsiku lina umapeza wina atakhala pa makina ako.

Fakitaleyo inkasoka mayunifolomu. Panalibe wosoka malaya athunthu. Aliyense anali ndi kachigawo kake, ndipo kachigawoko ndiko kankasanduka dzina lake. Panali Amazipi, panali Amatumba, panali Amabatani. Mzime anali wa makolala, koma dzina la makolala silinamukanirire, chifukwa mkulu wake amene anamulowetsa ntchito ankamuitana monga ankamuitanira ali wakhanda: Mzime, poti ndiye anatseka mimba ya mayi awo. Imvi zinali zitamera, mwamuna anali atamuika m'manda, koma anali Mzime basi.

Mkulu wakeyo, Achemwali, anali a mpendero. Makina ankawadziwa, koma chimene ankatchuka nacho ndi dzanja. Yunifolomu ya bwana ikafuna kumalizidwa ndi singano, ankaipereka kwa iwo. Msoko wawo kunja sunkaoneka, mkati unali timizere tofanana ngati mapazi a nyerere. Mwamuna wa Mzime atamwalira, ndi iwo anabwera kudzamutenga. Anakulunga matiresi okha nati, "Usalire pakhomo la eni. Tiye." Anamuphunzitsa makina ndi mwano, monga ankaphunzitsira chilichonse. Anakhala awiri m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa mdadada, chimbudzi chili chimodzi cha mabanja onse.

Mapiritsi anabwera ndi Achemwali. Chikhodzodzo chawo chinayamba kuvuta kalekale. Sichinkapempha, chinkalamula. Akangomva madzi akutuluka pampope, basi, thamangani. Chithabwa chija anachinyamula mpaka odula nsalu anawapatsa dzina loti Akalipentala. Anapita kuchipatala. Kumeneko anawapatsa timapiritsi toyera, tating'ono ngati mabatani a pakolala, nati muzimwa tsiku lililonse. Anamwa. Chikhodzodzo chinagona pansi ngati galu wokalipiridwa. Akatha ankapita kukatenga ena, wolembayo ankalemba osadzutsa mutu, chaka ndi chaka, mpaka zaka zinaunjikana.

Ndiye mzimayi akapeza chinthu chothandiza angabisire anzake? Amazipi anapempha limodzi tsiku limene anamwa tiyi wambiri. Amatumba anapempha. Ena anapita kuchipatala kukanama kuti nawonso chikuwavuta, ena ankagula ku famase yosafunsa mafunso. Onse ankathira mu kachitini ka mabatani, ndipo kachitiniko kankayenda pansi pa matebulo m'mawa uliwonse, dzanja ndi dzanja, ngati mbale ya chopereka. Mzime nayenso ankatolamo. Mzere wonse wa amayi unasiya kunyamula chithabwa. Kapitawo anawayamikira kuti ndi mzere wolimbikira ntchito.

Choipa chake ankachidziwa, kapena ankati akuchidziwa: kuuma mkamwa. Malovu ankasowa, moti ulusi sunkatheka kuunyambita polowetsa pa singano. Anaika kasiponji konyowa pa tebulo lililonse. Ankaseka okha kuti mumzere mwawo mulibe miseche chifukwa malilime anauma. Miseche inalimo ndithu.

Chinayamba ndi thalauza. Achemwali anasoka mwendo umodzi n'kuutseka ngati thumba. Anthu anaseka, nawonso anaseka. "Mwini wake aziyenda ndi mwendo umodzi, asunge nsapato." Kenako anakhala pa makina a Amatumba n'kuyamba kukalipa kuti wina wawasinthira mpando. Kenako tsiku lina fakitale yonse inakhala masana athunthu osapita kuchimbudzi chifukwa kiyi anasowa, ndipo poweruka Mzime anaona mutu wa chithabwa ukusuzumira m'chikwama cha Achemwali.

"Ichi mwatengeranji?"

"Ndikufuna chizikhala pafupi," anatero. "Zikabwera sizidikira."

Kapitawo sanakalipe. Anawalankhula mwaulemu, ulemu umene amaupereka kwa munthu amene akumuchotsa. Anati mwagwira ntchito mayi, kapumeni. Anawapatsa ketulo yokulunga m'pepala lowala.

Kunyumba zinaipiraipira. Ankasiya simbi pa nsalu n'kupita kukaima pakhomo. Ankafunsa kuti alamu ako abwera nthawi yanji, kunena amuna awo, chonsecho alamuwo udzu unali utamera kale pamanda pawo. Mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala kutali, ankaimba foni n'kunena kuti ndi ukalamba, amayi aang'ono, muziwapirira, kenako foni inkaduka. Ukalamba wanji, munthu woti ndodo sanaigwirepo?

Anaiwala masiku, anaiwala njira ya kumsika, anaiwala tiyi pamoto. Chimodzi chokha sanaiwale: mantha odzinyowetsa. Akangoganiza za chimbudzi ankapita pa shelefu n'kumeza piritsi. Pakapita kanthawi, aiwala kuti ameza, ameza lina. Mzime ankaona botolo likutha msanga, n'kumati ndi amayi a kumzere akutapako akabwera kudzawaona. Ndipo madzulo ena, akulowa m'nyumba ndi jumbo ya masamba, Achemwali anaimirira, napinda maondo pang'ono.

"Mwaswera bwanji mayi? Mukufuna ndani? Mng'ono wanga sanaweruke."

M'mawa mwake anawatengera kuchipatala.

Dokotala anali mtsikana, msinkhu woti akanakhala mwana wa Mzime, Mzime akanabereka. Anafunsa Achemwali tsiku, anafunsa mwezi. Anawauza mawu ochepa kuti asunge, pakapita kanthawi anawafunsa, mawuwo anali atathawa. Kenako anati aone mankhwala onse a m'nyumba. Mzime anakhuthula jumbo pa tebulo. Dokotala anatola botolo la timapiritsi toyera.

"Awa anayamba liti?"

"Inu musanayambe sukulu ya udokotalayo."

"Amamwa angati patsiku?"

"Limodzi," anatero Mzime.

"Ndikamva kuti zikubwera," anatero Achemwali.

Dokotala anayang'ana Mzime, Mzime anayang'ana botolo.

"Mayi, ndikuuzani zimene ndikudziwa ndi zimene sindikudziwa," anatero dokotala. "Mankhwala a mtundu uwu amagwira chikhodzodzo, koma sagwira chikhodzodzo chokha. Amaumitsa mkamwa, mukudziwa kale. Kwa anthu ena, makamaka akuluakulu, amafikanso kumutu, munthu n'kumasokonezeka. Zimenezo zimatha kuchepa akasiya. Palinso china. Ofufuza anaona kuti mwa anthu amene amwa mankhwala otere kwa zaka zambiri, odwala matenda oiwala amachulukirapo. Ngati mankhwalawo ndiwo amayambitsa, sanatsimikize. Mwina."

"Mwina."

"Eya. Mwina."

"Powapatsa munati mwina? Munati muzimwa tsiku lililonse."

"Sindinali ine, mayi."

"Chipatala ndi chomwechino. Mpando ndi womwewu. Kapena unalemba ndi mpando?"

Dokotala anaumeza mwanowo osabweza. Anati alipo mankhwala ena osafika kwenikweni kumutu, koma amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa mayiwa n'kokwera kale, ayambe atsitsa kumeneko. Anati awa asasiyidwe mwadzidzidzi, achepetse pang'onopang'ono mpaka atheretu. Anafotokoza za kulimbitsa minofu ya pansi, za kupita kuchimbudzi pa nthawi yoikika, za kuchepetsa tiyi.

"Abwerera?" anafunsa Mzime.

"Sindingalonjeze. Ngati ndi mankhwala okha, muona kusintha. Ngati matenda alowa kale, abwerera pang'ono, kapena ayi. Koma tikapanda kusiya sitidziwa."

Nthawi yonseyi Achemwali anali atagwira kumunsi kwa chijasi choyera cha dokotala, akuchitembenuza ndi zala.

"Mpendero uwu anasoka ndani?" anatero. "Sanali wa kwathu."

Mzime nayenso anasiya. Pa nthawi yopuma anauza amayi a kumzere zonse, osasiyako. Amazipi, mzimayi wa thupi ndi pakamwa, mnzawo wa pamtima wa Achemwali, anamvetsera akutafuna buledi wouma ndi mkamwa mouma.

"Anati chiyani kwenikweni dokotala wakoyo?"

"Anati mwina."

"Mwina ndi mwina, mwana wa mayi. Chithabwa chija si mwina. Kapitawo si mwina. Fodya n'uyu ali pamphuno. Ine ndikayamba kuiwala, ndiyambe ndi amuna anga."

Anaseka onse. M'mawa mwake kachitini kanayenda monga mwa masiku onse, kanangodumpha tebulo la makolala. Dzuwa lisanakwere Mzime ananyamuka, natenga chithabwa, nadutsa nacho mizere yonse nkhope itauma gwa. Odula nsalu anaimba mluzu nati ukalipentala ndi wa kumtundu.

Kunyumba inali ntchito ya sopo. Zofunda, madiresi, matiresi kutulutsa padzuwa. Mzime anatola zidutswa za makolala kufakitale, naika thaulo lakale mkati, nasoka tinsalu tovala mkati. Poyamba Achemwali ankangolola kuvekedwa ngati chidole. Masabata anapita popanda kanthu, Mzime mpaka anayamba kutukwana dokotala mumtima kuti wangomuonjezera zochapa.

Ndiye m'mawa wina wa Lamlungu, akusita bulauzi yake, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Iwe Mzime, kolala imeneyo wasoka ndi phazi?"

Anaimika simbi. Anatuluka, napita kumpope, natsegula madzi kuti aneba asamve, nalira mpaka mamina. Kenako anasamba kumaso, nabwerera.

"Ndinaphunzira kwa inu."

"Bodza. Ine sindinaphunzitsepo bakha."

Sanabwerere onse. Mphika ankauiwalabe pamoto, nkhani ankaibwereza kawiri. Koma anadziwa kuti amuna awo anamwalira, anadziwa kuti mwana wawo saimba foni kawirikawiri ndipo anamutchula dzina loyenera khalidwe lake. Anaitanitsa singano. Mzime anawaona akunyambita ulusi, ulusiwo n'kunyowa, n'kulowa kamodzi.

Koma mutu utabwerera unabwera ndi maso. Anayamba kuona zofunda pachingwe, n'kuonanso aneba akuziona. Anayamba kumva fungo la chipinda chawo. Tinsalu tija anatiponya pansi.

"Matewera? Ine ndinakuveka iwe matewera, lero ukundibwezera?"

Lamlungu lina masana amayi a kumzere anabwera atatu, Amazipi, Amatumba ndi Amabatani, ndi buledi ndi phokoso. Achemwali anavala diresi la buluu, kansalu anakakana. Anati pamaso pa anzanga sindivala zimenezo. Anawadziwa onse, aliyense anamupatsa mwano wake.

"Amazipi, mukunenepabe? Zipi yanu imatseka?"

"Imatseka ikaona alendo. A Mpendero, ife tinamva kuti munapita, kani mwabwerako."

"Ndinakakuonerani malo. Akuti muchepe kaye, khomo lake n'laling'ono."

Anaseka mpaka Amabatani anatsamwa. Mzime anabwera ndi ketulo ija ya kapitawo, nayamba kuthira tiyi. Madzi analira m'kapu. Anaona nkhope ya Achemwali ikusintha, ndipo anadzitukwana, koma anali atachedwa. Achemwali anaimirira, nati pepani pang'ono, natuluka msanga. Chimbudzi chinali chotseka. Anagogoda, wamkatiyo anatsokomola. Anagogodanso. Anabwerera kuti mwina afike pa ndowa ya kuchipinda, ndipo zinawapeza pakati pa khomo, pamaso pa anzawo. Diresi la buluu linada. Madzi anayenda pa simenti mpaka anakhudza nsapato ya Amatumba.

Amazipi anagwetsa kapu yawo dala.

"Taonani manja angawa, ndamwaza tiyi ponseponse. Mzime, bweretsa chokolopera."

"Si tiyi," anatero Achemwali. "Musandinamize, Amazipi. Ndili ndi mutu tsopano."

Amazipi anawagwira mkono, nalowa nawo kuchipinda kuti akawathandize kusintha. Anatseka chitseko. Anakhalitsako. Mzime anali atagwada ndi chiguduli, sanaganize kanthu.

Alendo atapita, Achemwali anakhala pabedi atayang'ana khoma.

"Ndipatse mapiritsi anga."

"Kulibe. Otsala ndinabweza kuchipatala."

"Unandidzutsiranji? Kuti ndizione zimenezi?"

"Simunkandidziwa, Achemwali. Ndinkalowa m'nyumba muno inu n'kumandifunsa kuti ndikufuna ndani."

"Ndiye zinkapweteka ndani? Ine kapena iwe?"

Mzime anatola diresi la buluu lija, naliika m'beseni.

"Ine kumeneko sindinkamva kanthu," anatero Achemwali. "Kuno ndikumva zonse."

"Dokotala anati magazi akatsika akupatsani ena."

"Akatsika. Mwina."

Sanapemphenso. Patapita masiku, zofunda zinayamba kudzuka zouma. Mzime anakondwa, chitsiru, mpaka anakauza mayi a nyumba, eni ake a mdadadawo, kuti zolimbitsa minofu zija zimagwira ntchito. Sopo anayamba kukhalitsa. Achemwali anayamba kukhala panja, kucheza ndi aneba, mutu uli m'mwamba ngati kale.

Kenako tsiku lina Mzime anawaona akulimbana ndi singano. Anaika ulusi pa lilime, ulusi unatuluka wouma. Anaikanso. Kenako anaviika chala m'kapu ya madzi, monga ankachitira ndi kasiponji kufakitale. Madzulo ake anafunsa ngati alamu ako wawasungira chakudya.

Mzime anafufuza nyumba yonse. M'pilo, m'nsapato, m'chitini cha shuga, pansi pa matiresi, m'ketulo ya kapitawo. Palibe. Kufakitale anaima pa tebulo la Amazipi.

"Munawapatsa chiyani Achemwali?"

"Ine? Undifunse za zipi, mwana wa mayi." Sanadzutse mutu. Makina awo anathamanga kuposa masiku onse.

Chifundo chidapha nkhwali. Koma mapiritsiwo anali kuti?

Loweruka, tsiku lochapa, Mzime anakwera pampando kuti atsitse katani ya kuchipinda cha Achemwali. Poipinda, zala zake zinadutsa pa mpendero, ndipo anamva timibulu, tondondozana ngati mikanda. Anaitembenuza.

Mpenderowo unali utaphwasulidwa n'kusokedwanso. Piritsi lililonse linali ndi kachipinda kake, kotseka uku ndi uku. Pa kachipinda kalikonse panali kamfundo ka ulusi wa mtundu wake, tsiku lililonse la sabata mtundu wake, Lamlungu wofiira. Kunja sikunkaoneka kanthu. Mkati munali mapazi a nyerere, ofanana, oongoka, msoko umene Mzime anali asanauonenso kwa zaka. Anaima nayo katani m'manja akuyang'ana ntchitoyo, ndipo asanakwiye anayamba wasirira.

Kenako anayang'ana tizipinda totsegula. Toyambirira tinali todulidwa bwinobwino ndi sizasi, ulusi umodzi wokha. Tomalizira tinali tong'ambidwa ndi mano. Ndipo tinali titadumpha Loweruka, titadumpha wofiira wa Lamlungu, tili kale pa Lachiwiri.

Achemwali analowa kuchokera panja. Anaona katani, anaona Mzime, nakhala pabedi.

"Bwezera katani yanga pamalo pake."

"Anakupatsani Amazipi."

"Ndinawapempha. Iwo amamva munthu akapempha."

"Nanga wasoka ndani?"

"Ukufunsa? Alipo wina wosoka chonchi m'tauni muno?" Anatambasula dzanja nasisita mpenderowo. "Ndinasoka mutu uli bwino, Mzime. Taona msokowo. Wozungulira mutu sasoka chonchi. Ndinakhala pansi, ndinaganiza, ndinasankha. Ndinadziwa kuti ndidzayamba kuiwala, n'chifukwa chake ndinaika limodzi limodzi. Tsiku lililonse kachipinda kake. Sindine mwana."

"Lero ndi lachingati, Achemwali?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri ine ndingakhale panyumba?"

Anawaonetsa pong'ambika paja. Achemwali anayang'ana nthawi yaitali. Anaika chala pa ulusi wothothoka ndi mano, ntchito yonyansa imene akanamenyera wophunzira. Anamvetsa. Mzime anaona ndi maso ake kuti amvetsa, ndipo anayembekezera kuti anena kuti chotsa.

"Ngakhale zili choncho," anatero Achemwali. "Mutu ndi wanga. Chikhodzodzo n'changa. Dokotala wako anati mwina. Pakhomo paja panalibe mwina."

"Mukapita, wokusambitsani ndine. Ndipo kudzinyowetsa mudzadzinyowetsabe, mapiritsi kapena ayi."

"Koma sindidzadziwa."

"Ine ndidzadziwa."

"Ndi zomwe ndinanena zija. Ukudzilirira wekha."

Mwina zinali zoona. Mzime sanakane. Anakumbukira tsiku lija la matiresi, usalire pakhomo la eni, tiye. Padziko lonse panatsala munthu mmodzi yekha womutchula Mzime modziwa chifukwa chake, wodziwa nkhope ya mayi awo, wodziwa kuti anali mwana woopa nkhuku. Ameneyo ndiye ankapempha kuti amulole achoke ali moyo, asiye thupi pabedi kuti Mzime azilitembenuza. Khoswe anali pa mkhate. Ukaponya mwala waswa mkhate, ukasiya akudya.

Anatenga sizasi pa tebulo.

"Ukadula," anatero Achemwali, mawu ali phee, "usadzanditchenso mkulu wako."

Anadula. Anayambira ku ngodya, nadutsa pakati pa msoko wokongola uja, kuchokera uku mpaka uko. Mapiritsi anagwera m'beseni ngati mabatani. Anathiramo madzi ochapira, natakasa ndi dzanja mpaka anasungunuka, nakataya ku ngalande. Achemwali sanalire, sanamugwire. Anangoyang'ana.

Sabata yotsatira Mzime anapita yekha kuchipatala kukanena zimene anachita. Dokotala anati akanayenera kubwera kaye asanataye, anamuuza zoti aziyang'anira, anayeza Achemwali tsiku lotsatira nati magazi sanatsikebe mokwanira, mubwerenso.

Mutu unabwereranso. Unabwera wochepa poyerekeza ndi ulendo woyamba, koma unabwera. Zofunda zinabwerera pachingwe. Panja Achemwali anasiya kukhala. Mayi a nyumba ndi amene ankalowa kudzawaona masana, ndipo ankauza Mzime kuti akulu anu ali bwino, amakamba nkhani za kale mwadongosolo, amaseketsa. Mzime ankaima kuseri kwa chitseko kuti amveko. Akangolowa, nkhani inkaduka. Chikasowa m'nyumba, Achemwali ankauza mayi a nyumba, Mzime ali pomwepo.

"Muwauze mayi a makolala kuti sopo watha."

Kale sankamudziwa. Tsopano ankamudziwa bwino lomwe.

Mzime analetsa Amazipi kuponda pakhomo, ndipo kufakitale sankalonjerana. Kachitini kankayendabe. Madzulo aliwonse Mzime akaweruka ankayamba ndi mipendero: ya madiresi, ya zofunda, ya nsalu ya patebulo, ya zovala zake zomwe. Ankapapasa ndi zala, Achemwali akumuyang'ana ngati akuyang'ana wakuba amene waloledwa kukhala m'nyumba.

Lamlungu lina Mzime anatenga bulauzi, naphwasula kolala, naisokanso mopotoka dala, nsonga ina yaitali ina yaifupi, msoko wokhotakhota woti ngakhale wakhungu angaumve. Anayala nsalu pa tebulo pamaso pa Achemwali, natenthetsa simbi, nayamba kusita pang'onopang'ono, kolala ili pamwamba.

Achemwali anaiona. Maso anatsika pa nsonga yaitali, napita pa yaifupi. Mphuno inakwinyika. Milomo inayamba kutseguka, ndipo Mzime anagwira mpweya, simbi itaima pa nsalu.

Achemwali anatseka pakamwa, natembenukira kuzenera, kumene katani yodulidwa inkalendewera ulusi uli wirawira.

Bulauzi inayamba kununkha kupsa. Mzime anaisiyabe simbiyo kanthawi, akudikira.